Umboni wosayankhula: momwe akatswiri amafufuzira milandu ya kupha

Pa milandu ya kupha munthu, mboni zikhoza kuiwala, kuopa kapena kusintha mawu. N'chifukwa chake makhoti amadaliranso umboni wa zinthu zogwirika monga thupi la womwalirayo, mafupa, magazi, zidindo za zala ndi zida. Mlandu wa MacDonald Masambuka wa ku Machinga ndi umodzi mwa milandu yosonyeza kufunika kwa ntchitoyi.

Mlandu wa Masambuka

Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22, adasowa m'mwezi wa Malichi 2018. Thupi lake lidapezeka pa 1 Epulo chaka chomwecho litakwiriridwa m'dzenje losazama, lopanda manja ndi miyendo. Bwalo lidamva kuti adamunyengerera ponena kuti amupezera mkazi woti amukwatire.

Mu Epulo 2022, woweruza Dorothy NyaKaunda Kamanga wa bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre adapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana. Pakati pawo padali mchimwene wake wa malemuyo, wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito zachipatala. Mu Juni chaka chomwecho, asanu adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse, ndipo wansembeyo adapatsidwa zaka 30.

Ina mwa milanduyo idali yokhudza malonda a ziwalo za munthu, omwe chilango chake chidakhwimitsidwa mu 2016 pomwe Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo a Penal Code ndi Anatomy Act. Pa mlandu wotere, boma liyenera kutsimikizira bwalo kuti ziwalo zomwe zikunenedwazo ndi za munthu. Apa m'pomwe sayansi imalowerera.

Malo a upandu

Katswiri wa ku France, Edmond Locard, yemwe adatsegula labotale ya apolisi ku Lyon mu 1910, adaphunzitsa kuti wochita upandu amasiya kanthu pamalopo ndipo amatengapo kanthu. Pachifukwachi, apolisi amatchinga malowo, kuwajambula ndi kutola chilichonse mosamala. Manda akamafukulidwa, dothi limachotsedwa pang'onopang'ono ndi kusefedwa kuti mano, tizidutswa ta nsalu kapena timafupa tisatayike.

Chinthu chilichonse chimaikidwa m'thumba lake, kumatidwa ndi kulembedwa yemwe wachitola, nthawi ndi malo. Ngati sizikudziwika kuti chidadutsa m'manja mwa yani chisanafike m'khoti, loya wa woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wochikayikira.

Zomwe thupi limaulula

Dokotala wopima mtembo amafufuza kuti womwalirayo ndani, adamwalira liti komanso chidamupha n'chiyani. Thupi limayamba kuuma patatha maola awiri mpaka asanu ndi limodzi, ndipo limafewanso patatha tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri. M'madera otentha monga Liwonde ndi Balaka, zonsezi zimachitika msanga, choncho kuchedwa kulikonse kumafufuta umboni.

Mnofu ukawola, mafupa amatsala. Fupa la m'chiuno ndi chigaza zimasonyeza ngati adali mwamuna kapena mkazi. Mano ndi nsonga za mafupa aatali zimathandiza kuyerekeza zaka, pomwe fupa la ntchafu limasonyeza msinkhu. Zipsera za chikwanje, mpeni kapena sowo zimasiyana, ndipo fupa lodulidwa lili laliwisi silioneka ngati lothyoka litauma. Mafupa a munthu wachialubino sasiyana ndi a wina aliyense, popeza chialubino ndi kuchepa kwa melanin pakhungu, m'tsitsi ndi m'maso basi. Mulibe golide kapena mphamvu yolemeretsa.

DNA ndi zidindo za zala

DNA yochokera m'fupa kapena m'dzino imayerekezedwa ndi ya makolo kapena abale kuti thupi lidziwike mwini wake. Njirayi idagwiritsidwa ntchito koyamba pa mlandu wa kupha mu 1986 ku Leicestershire, m'dziko la England, kudzera mu kafukufuku wa Alec Jeffreys. Isanathandize kupeza wakupha weniweni, Colin Pitchfork, idayamba yamasula mnyamata yemwe adali atavomera mlandu womwe sadapalamule. Zidindo za zala n'zakale kuposa apo: zidathandiza kugamula mlandu wa kupha ku Argentina mu 1892.

Umboni wotere umatetezanso woganiziridwa. Mu 2019, Buleya Lule, yemwe ankaganiziridwa pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, adamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala Charles Dzamalala atapima thupi lake, adapeza kuti adafa atamuwotcha ndi magetsi.

Zovuta m'maboma

Machinga ndi Balaka, omwe adali boma limodzi mpaka 1998, ali pansi pa apolisi a chigawo chakummawa, omwe likulu lawo lili ku Zomba. Madokotala odziwa mwakuya za kupima mitembo pa milandu ndi ochepa m'dziko muno, ndipo kwa zaka zambiri zoyeza DNA zakhala zikutumizidwa kunja, makamaka ku South Africa. Izi zimadya ndalama ndi nthawi.

Mavuto ena amayambira m'mudzi. Khamu likathamangira pamalo, limaponda mapazi a wachiwembu. Achibale akasambitsa thupi kapena kuchapa zovala, magazi ndi tsitsi zimapita ndi madzi. Mabanja ambiri m'maderawa amaika maliro mwamsanga potsata chipembedzo ndi mwambo, koma imfa ikakhala yokayikitsa, kudikira kuti thupi lipimidwe kumapewetsa ululu wodzafukula manda.

Wopeza mtembo asaukhudze, asasunthe kanthu kalikonse, aletse ena kuyandikira ndipo adziwitse apolisi ndi mfumu nthawi yomweyo. Zomwe zatetezedwa m'maola oyambawo n'zomwe woweruza adzaone, ngakhale mlandu utatenga zaka zinayi monga udachitira wa Masambuka.