Laimu wa ku Lirangwe ndi nkhuni zomwe wadya

Aliyense woyenda mumsewu wa M1 kuchokera ku Lunzu kulowera ku Zalewa amadziwa kuti Lirangwe ndi kwawo kwa laimu. Miyala yoyererako ili m'nthaka ya kumeneko, ndipo kwa zaka zambiri anthu akhala akuikumba, kuiswa ndi nyundo n'kuiwotcha. Boma likamatchula madera a opanga laimu ang'onoang'ono, Lirangwe sasowa pambali pa Chenkumbi ku Balaka ndi Uliwa ku Karonga.

Komatu mwalawu sugonja wamba. Umafuna moto wofika madigiri pafupifupi 900 kuti utulutse mpweya wa carbon dioxide womwe unamangika m'kati mwake. Pa makilogalamu 100 a mwala wabwino, 44 amauluka ngati mpweya, n'kutsala 56 a laimu. Mwalawo umameza kutentha nthawi yonse ukusweka, ndiye moto ukangofooka, ntchito yaima. N'chifukwa chake owotcha amagonera pa uvuni, kusonkhezera usana ndi usiku. Miyala ikakula kwambiri imapsa kunja kokha, m'kati muli mwala weniweni, ndipo wogula amazindikira msanga. Ikazizira amaiwaza madzi, ndiye muone ikufufuma, ikuchita thovu ndi nthunzi mpaka kusanduka ufa. Kutentha kumeneko ndi gawo la moto uja ukubwerera.

Akatswiri amawerengera kuti tani imodzi ya laimu imafuna kutentha kofanana ndi nkhuni zouma zokwana makilogalamu 200 kapena kuposerapo pang'ono. Koma uvuni wachikale umataya moto wambiri m'makoma ndi mu utsi, moti nkhuni zimaposa tani. Apa ndiye pagona nkhani. Mitengo yachilengedwe ya nkhuni zolimba itayamba kutha ku Lirangwe ndi kumidzi ya ku Chileka, njerwa ndi makala nazonso zikulimbirana mitengo yomweyo, mtengo wa laimu unayamba kutsatira mtengo wa nkhuni. Ku Chenkumbi bungwe la ITDG la ku Britain linathandiza kumanga uvuni woimirira, wothira miyala pamwamba n'kumachotsa laimu pansi moto osazima, kuti nkhuni zisamalowe zambiri.

Akuluakulu a simenti, omwenso amawotcha mwala wamtundu womwewu, anadzera njira ina. Nthawi ya chitaganya, kampani ya Portland Cement inatsegula mgodi ku Changalume ku Zomba, n'kumatumiza miyala yowotcha kale pa sitima kukagayitsa ku Blantyre. Ng'anjo ya ku Changalume inazima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo lero mayina omveka ndi Shayona ku Kasungu ndi Cement Products ku Njereza, ku Mangochi.

Msika wa laimu ulipo ndithu. Amapakira nyumba, amayeretsera madzi akumwa, ndipo mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa amayeretsera madzi a mzimbe. Chokhumudwitsa n'chakuti ogula akuluakulu amafuna laimu wopsa mofanana thumba lililonse, chinthu chovuta pa moto wa nkhuni, ndiye kwa zaka zambiri laimu wambiri ankachokera kunja, makamaka ku Zambia, malole ake n'kumadutsa pa Lirangwe pomwepo.