Ulendo wa Liwu Loti Lining

Jekete yanga ya paukwati itang'ambika m'kati, ndinapita nayo kwa telala wina wapakhonde. Anaitembenuza, n'kupukusa mutu. "Bambo, kunjaku kudakali bwino, koma layining'i yatha," iye anatero. Ndili pa minibasi yobwerera kunyumba, ndinayamba kudzifunsa komwe liwu limeneli linachokera.

Gwero lake ndi mbewu. Aroma ankatcha mbewu ya fulakisi kuti linum, ndipo ulusi wake ndi umene ankalukira bafuta. M'Chingelezi chakale mbewuyi inkatchedwa lin. Popeza atelala a ku England ankakonda kusokerera bafuta m'kati mwa zovala zaubweya kuti zisakande thupi, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 ntchitoyo inkatchedwa to line, ndipo nsalu ya m'katiyo inakhala lining. Ngakhale liwu lathu loti layini ndi la banja lomweli, chifukwa linea kwa Aroma unali ulusi wa bafuta umene amisiri ankaukoka pofuna mzere wowongoka.

Olemera sankakhutira ndi bafuta. Iwo ankasokerera m'kati mwa mikanjo yawo zikopa zaubweya wofewa. Mu 1363, mu ulamuliro wa Mfumu Edward III, nyumba ya malamulo ya ku England inakhazikitsa lamulo lonena zimene munthu angavale malinga ndi udindo ndi chuma chake, ndipo zikopa zoterezi zinaletsedwa kwa anthu wamba.

Patapita nthawi liwuli linatuluka m'nyumba ya telala. Mu 1634, John Milton m'sewero lake la Comus anafanizira kuwala kwa mwezi kuseri kwa mtambo ndi nsalu ya m'kati yasiliva, ndipo kuchokera pamenepo Angelezi anapeza mwambi wolimbikitsa munthu amene ali pamavuto. Mu 1897, Herbert Frood wa ku Derbyshire anayamba kupanga zomata pa mabuleki, bizinesi imene inadzakhala kampani ya Ferodo. Makanika amatcha zimenezi brake lining, ndipo zikatha galimoto siima. Madokotala nawo amatcha khungu la m'kati mwa chifu ndi liwu lomweli. Mu 1982, Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anapeza tizilombo ta Helicobacter pylori timene timakhala pakhungu limeneli n'kuyambitsa zilonda za m'mimba, ndipo mu 2005 analandira mphoto ya Nobel.

Pali tanthauzo lina limene ife ogwira ntchito m'boma timalimva ndi manyazi. Mngelezi akanena za munthu wodzilemeretsa ndi ziphuphu amati akuyala m'matumba mwake, ngati kuti ndalama ndiyo nsalu ya m'kati. Kunja munthuyo amaoneka waulemu, tayi ili pakhosi, koma chimene wasokerera m'kati ndi ndalama zogulira mankhwala ndi mabuku a ana athu.

Pa matanthauzo onsewa, lining ndi chinthu chosaoneka chimene chimayamba kutha zinazo zisanathe, ndipo nthawi zambiri timachikumbukira chitawonongeka kale. Telala uja anandiuza kuti ndikadachedwa pang'ono, kung'ambikako kukadafika kunja. Ndinamulipira mosanyinyirika, ndipo Lolemba lotsatira ndinavala jekete yanga popita ku ofesi.