Nthambo zodutsa pa Chintheche: kuchokera pa telegalafu kufika pa intaneti

Dera la Chintheche, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, linayamba kulumikizana ndi maiko akutali kale kwambiri kuposa madera ambiri a m'Malawi, koma mbiri yake ikusonyeza kuti nthambo zonyamula mauthenga zakhala zikungodutsa, osatumikira mokwanira anthu okhala pansi pake. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, atasamuka ku Cape Maclear n'kukhazikika pa Bandawe, pafupi ndi Chintheche, mu 1881, makalata ankafika pa sitima yapamadzi kapena pamutu pa amtengatenga, ndipo yankho lochokera ku Scotland linkatenga miyezi.

Zinthu zinasintha pamene kampani ya African Transcontinental Telegraph, yomwe Cecil Rhodes anayambitsa mu 1892 pofuna kulumikiza Cape Town ndi Cairo, inakoka waya wake kutsata gombe la kumadzulo kwa nyanja, kudzera ku Nkhotakota ndi m'dziko la Atonga mpaka ku Karonga, zaka za m'ma 1890 zisanathe. Telegalafu inali njira yotumizira uthenga pa waya pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi yodukizadukiza yoimira zilembo, ndipo popeza wotumiza ankalipira liwu lililonse, inkathandiza makamaka atsamunda, amalonda ndi amishoni. Komatu anthu omwe ankasowa kwambiri uthenga wachangu anali Atonga eni ake, chifukwa amuna awo ambiri anali atapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Mmodzi mwa iwo anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mayi wosiyidwa pamudzi ankadikira kalata kapena mnansi wobwerera kwawo, pamene waya unkadutsa chapafupi ndi munda wake wa chinangwa, ndipo ena mwa opitawo anasanduka matchona, kutanthauza anthu amene sanabwererenso kumudzi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi ya MBC inafika m'midzi, koma lamya inatsalira ku positi ofesi ndi m'maofesi a boma. Kampani ya TNM inayamba ntchito ya mafoni am'manja mu 1995, Celtel, yomwe lero ndi Airtel, inatsatira mu 1999, ndipo lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA loyang'anira mafunde onyamula mauthenga. Motero mabanja ambiri a kunyanja anachoka pa kalata n'kufika pa foni yam'manja popanda waya kulowapo m'nyumba zawo.

Apa ndi pamene pagona chiyambi cha madandaulo a masiku ano okhudza kuchedwa kwa intaneti. Intaneti ikayamba kuchedwa, anthu ena amaloza chala rauta ya mnansi, kabokosi komwe kamamwaza intaneti m'nyumba kudzera pa Wi-Fi, ndipo nthawi zina amanena zoona. Marauta ambiri amagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, omwe anagawidwa m'tinjira totchedwa matchanelo, ndipo mwa matchanelowo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndiwo salowerana. Pamsika, pomwe masitolo ndi nyumba zalendi zili khoma ndi khoma, kapena m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, marauta awiri oyandikana akakhala pa tchanelo chimodzi amadikirana potumiza, ndipo onse amachedwa. Kusintha tchanelo kapena kusamukira ku mafunde a 5 GHz kumathetsa vutoli. Koma kumudzi, komwe nyumba zimalekanitsidwa ndi minda ndi mitengo ya mango, mphamvu ya rauta imatha isanafike n'komwe pakhonde la mnansi, makamaka ikadutsa m'makoma a njerwa zowotcha.

Chomwe anansi amalimbirana kwenikweni ndi nsanja ya netiweki. Rauta yokhala ndi simu khadi komanso foni iliyonse ya m'deralo zimatunga pa nsanja imodzimodziyo, monga mudzi wonse pa mjigo umodzi, kotero kuti madzulo, anthu akaweruka n'kuyamba kuyimbirana pa WhatsApp ndi abale a ku Johannesburg, gawo la munthu aliyense limachepa. Zitunda zotsika kuchokera ku mapiri a Viphya zimatchinga mafunde kwa okhala m'zigwa, ndipo n'chifukwa chake munthu amakwera pachulu atakweza foni m'mwamba kuti uthenga wa mawu utsike. Magetsi akathima, nsanja imadalira mabatire ndi jenereta ya dizilo, ndipo zimenezi zikatha netiweki imasoweratu.

Njira zoyesera kuthetsa vutoli zakhalapo ndithu. Mu 2013 akatswiri a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, anayesa ku Zomba kutumiza intaneti pa mafunde a kanema omwe sankagwiritsidwa ntchito, amene amafika patali kuposa a Wi-Fi. Lamulo la mu 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund loti lizithandiza kufikitsa mauthenga kumadera omwe makampani saonako phindu, boma linakoka nthambo za faiba, zomwe zimanyamula uthenga ngati kuwala, pa mapolo a ESCOM kupita m'maboma, ndipo mu 2023 Starlink inayamba kupereka intaneti ya pa setilaiti, ngakhale mtengo wake sungafikirike kwa msodzi wa usipa. Chodandaulitsa n'chakuti mu 2015 boma lomwelo linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pafoni, msonkho umene umapweteka kwambiri wogula bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi. Udindo wokonza intaneti ya m'midzi ya ku Chintheche uli m'manja mwa MACRA ndi makampani a mafoni, omwe ayenera kuwonjezera nsanja, kuzilumikiza ku faiba ndi kuzipatsa magetsi odalirika.