Mkangano wa Arius ndi Msonkhano wa ku Nicaea

Cha m'ma 318, mumzinda wa Alexandria ku Egypt munabuka mkangano umene unagwedeza mpingo kwa zaka zoposa 60. Mwini nkhani anali Arius, wansembe wolemekezeka ndiponso wodziwa kulankhula. Iye ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu anachita kulengedwa ndi Atate, kotero kuti Mwanayo sanakhalepo chikhalire. Bishopu wa mzindawo, Alexander, anaona kuti chiphunzitsochi chikugwetsa mzati wa chikhulupiriro. Ngati Khristu ali cholengedwa, angapulumutse bwanji zolengedwa zinzake?

Alexander anayamba ndi kukambirana, koma Arius sanagonje. Tsono mabishopu pafupifupi 100 a ku Egypt ndi ku Libya anasonkhana namudula mumpingo. Kumudulako sikunamutseke pakamwa. Anapeza mabishopu ena omuikira kumbuyo, makamaka Eusebius wa ku Nicomedia, ndipo akuti anapeka nyimbo zoti aziimba amalinyero, opera tirigu ndi apaulendo. Motero nkhani ya anthu ophunzira inafika m'misika ndi m'madoko.

Mfumu Constantine, imene inkafuna bata muufumu wake, poyamba inayesa kuti nkhaniyi ndi yachabechabe. Itaona kuti moto ukuyakirayakira, m'chaka cha 325 inaitanitsa mabishopu ku Nicaea, m'dziko limene lero ndi Turkey. Kunafika mabishopu pafupifupi 300. Iwo anagwirizana pa liwu la Chigiriki lakuti homoousios, lotanthauza kuti Mwana ali ndi umulungu umodzimodzi ndi Atate. Mabishopu awiri okha, Secundus ndi Theonas, ndiwo anakanitsitsa kusaina. Mfumu inawapirikitsa pamodzi ndi Arius, nilamula kuti mabuku ake atenthedwe.

Apa mpamene panagona vuto. Mpingo unali utalola kuti dzanja la mfumu litsirize mlandu wa chikhulupiriro, osazindikira kuti dzanja lomwelo likhoza kutembenuka. Posakhalitsa Eusebius anabwerera pafupi ndi mfumu, ndipo ndiye anaibatiza ili pafupi kumwalira mu 337. Amene analawa zowawa tsopano anali Athanasius, yemwe analowa m'malo mwa Alexander mu 328. Anamuthamangitsira ku Trier mu 335, ndipo pa moyo wake wonse anachotsedwa pampando kasanu, nakhala kunja zaka pafupifupi 17. Nthawi zina ankabisala kwa amonke a m'chipululu cha Egypt.

Chida chimene anatsala nacho chinali cholembera. Analemba mabuku otsutsa chiphunzitso cha Arius, akumatenga mavesi omwewo amene anzakewo ankadalira ndi kuwafotokoza limodzilimodzi. Kunena zoona, Athanasius sanali munthu wofatsa. Mawu ake anali akuthwa, ndipo adani ake ankamuneneza za nkhanza. Komabe pa msonkhano wa ku Alexandria mu 362 anachita chinthu chanzeru. Panali magulu awiri amene ankaganizirana mpatuko chifukwa gulu lina linkatsindika za umodzi wa Mulungu, pamene linzake linkatsindika za utatu wake. Msonkhanowo unafunsa gulu lililonse tanthauzo la mawu ake, ndipo zinapezeka kuti onsewo ankakhulupirira chinthu chimodzi. Unagwirizananso zolandira amene anasochera chifukwa cha mantha, malinga akavomereza chikhulupiriro cha ku Nicaea. Ambiri amene ankaima pakati anayamba kubwerera kuyambira pamenepo.

Athanasius anamwalira mu 373 ntchito isanathe. Basil wa ku Caesarea ndi anzake a ku Cappadocia anaipitiriza, mpaka msonkhano wa ku Constantinople unatsimikiza chikhulupiriro cha ku Nicaea mu 381. Ngakhale pamenepo chiphunzitso cha Arius sichinafe msanga. Chinali chitafika kale kwa mtundu wa Agoth, ndipo amene anakakhazikika ku Spain anachitaya pa msonkhano wa ku Toledo mu 589.