Althea Gibson, Ngwazi ya Tenisi

M'zaka zija anthu a ku Kabwata anali kugulira nyama pa zenera m'Lusaka, Azungu nalowera pakhomo, ku America nako kunali tsankho lotero. Althea Gibson anabadwa m'caka ca 1927 ku South Carolina, nakulira ku Harlem, kumene anaphunzira kumenya mpira pamseu. Mipikisano ikuru ya tenisi inakaniza anthu akuda kufikira 1950, pamene iye analoledwa kusewera ku Forest Hills.

M'caka ca 1956 anapambana ku Paris. Mu 1957 anagonjetsa Darlene Hard ku Wimbledon, nalandira mphotho yace m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth, munthu wakuda woyamba kutero. Mu 1958 anapambananso. Koma mipikisanoyo inalibe malipiro, ndipo anaileka caka comweco cifukwa ca kusowa ndalama. Anamwalira mu 2003.