Chiperoni ndi luso louluka osaona pansi

Chiperoni chikatsika ku Luchenza, minda ya tiyi ya ku Thyolo imabisika, ndipo phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limazimirira ngati kulibe. Mitambo ndi mvula yowaza imeneyi, yomwe imachokera kumwera chakummawa makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo imasowetsa mtendere oulutsa ndege zing'onozing'ono pongosangalala, monga a kalabu ya Luchenza Flying Club.

Laisensi yoyamba ya woulutsa ndege, yotchedwa PPL, imamulola kuuluka potsata malamulo a VFR, kutanthauza kuti aziona pansi ndi kutsogolo ndi maso ake. Kulowa mumtambo kumafuna chilolezo china chapamwamba, cha Instrument Rating, chomwe chimasonyeza kuti munthuyo angathe kuwongolera ndege poyang'ana zida za patsogolo pake zokha: chosonyeza kupendekeka kwa mapiko, choyeza kutalika, choyeza liwiro ndi kampasi.

Vuto lagona m'thupi. Maso akasiya kuona pomwe thambo lakumana ndi dziko, ziwalo za mkati mwa khutu zimanamiza ubongo. Ndege ikhoza kupendekeka pang'onopang'ono woyendetsayo n'kumamva ngati ili bwinobwino. Akaiwongola ndi pomwe amamva ngati yapendekeka. Kafukufuku wa pa University of Illinois mu 1954 adapeza kuti oulutsa ndege osaphunzira lusoli ankalephera kuiwongolera patangotha masekondi pafupifupi 178. Mphindi zitatu sizikwana n'komwe. N'chifukwa chake ngakhale wophunzira PPL amaphunzitsidwa kukhota mofatsa, madigiri atatu pa sekondi, kuti pakatha mphindi imodzi akhale atatembenukira komwe wachokera.

Malinga ndi malamulo a bungwe la ICAO, lomwe dziko la Malawi ndi membala, wofuna chilolezochi akhale atauluka maola 50 pa maulendo ataliatali ali mwini chiwongolero, komanso maola 40 akudalira zida zokha. Ena mwa maolawa angachitikire pansi, pa makina oyerekezera kuuluka. Pamwamba pa izi pali mayeso olemba, mayeso a mumlengalenga ndi kupimidwa makutu.

Komabe chilolezochi sichichotsa mtambo pabwalo. Mabwalo ang'onoang'ono a m'minda alibe njira zovomerezeka zotera ndi zida, choncho chiperoni chikaphimba Luchenza, ngakhale katswiri amayenera kupatukira ku Chileka kapena kudikira kuti kuyere. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: amatsika pansi pa mtambo kufunafuna njira, m'dera lomwe mapiri ali mbali zonse. Akatswiri a ku Germany omwe adafufuza ngozi ya ndege ya asilikali ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, yomwe idapha Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, adatchulanso kuuluka chapansi nyengo ili yoipa.