Matikiti a ndege olipira ndi mamailosi ku Malawi

Tikiti yolipira ndi mamailosi ndi tikiti ya ndege imene munthu amaipeza pogwiritsa ntchito mapointi omwe wasonkhanitsa pa maulendo am'mbuyomu, m'malo molipira mtengo wonse ndi ndalama. Mapointiwa amatchedwa mamailosi chifukwa poyamba ankawerengedwa potengera mtunda umene munthu wauluka, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Makampani ambiri a ndege amalola kuti mamailosi awo alipire mpando pa ndege ya kampani ina imene ali nayo pa mgwirizano. Ku Malawi njira imeneyi ndi yofunika kwambiri chifukwa makampani a ndege zopita kunja omwe amatera m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ulendo wa ku Ulaya, ku Asia kapena ku America umafuna kusintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg.

Chiyambi chake

Ndondomeko yaikulu yoyamba yopereka mamailosi inali AAdvantage, ya kampani ya American Airlines, yomwe inayamba mu May 1981. M'chaka chomwecho United Airlines inayambitsa yake. Cholinga chinali choti wokwera pafupipafupi asamasinthesinthe makampani, ndipo mphoto yake inali mipando imene ikanauluka yopanda munthu.

Kugwiritsa ntchito mamailosi pa ndege za kampani ina kunafala pamene makampani anapanga magulu akuluakulu. Gulu la Star Alliance linakhazikitsidwa mu 1997 ndi makampani asanu: United Airlines, Lufthansa, Air Canada, SAS ndi Thai Airways. Gulu la oneworld linayamba ntchito mu 1999 ndipo la SkyTeam mu 2000. Mu Africa, South African Airways inalowa mu Star Alliance mu 2006, EgyptAir mu 2008, ndipo Ethiopian Airlines mu December 2011. Kenya Airways ili mu SkyTeam. Magulu amenewa si amuyaya: SAS, yomwe inali m'gulu la oyambitsa Star Alliance, inatuluka mu 2024 n'kukalowa mu SkyTeam.

Makampani otera ku Malawi

Kampani ya Air Malawi itathetsedwa mu 2013, boma linakhazikitsa ina mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Kampani yatsopanoyi, yomwe poyamba inkatchedwa Malawian Airlines ndipo tsopano ndi Malawi Airlines, inayamba kuuluka pa 31 January 2014. Boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, Ethiopian Airlines 49. Okwera ake amasonkhanitsa mamailosi mu ShebaMiles, ndondomeko ya Ethiopian Airlines.

Apa pali mfundo imene imasokoneza anthu ambiri. Ngakhale Ethiopian Airlines ili ndi gawo lalikulu mu Malawi Airlines, Malawi Airlines payokha si membala wa Star Alliance. Munthu wa ShebaMiles angathe kupeza mamailosi pa ndege zake, koma mlendo yemwe ali ndi mamailosi a Lufthansa kapena a Air Canada sangayembekezere kuti alipira nawo ulendo wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pa Malawi Airlines. Kwa iye khomo lolowera m'dziko muno ndi ndege za Ethiopian Airlines zenizeni, zomwe zimatera ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuchokera ku Addis Ababa.

Kenya Airways imalumikiza Malawi ndi Nairobi. Kwa zaka zambiri okwera ake ankagwiritsa ntchito Flying Blue, ndondomeko ya Air France ndi KLM, mpaka mu 2023 pamene kampaniyi inayambitsa yakeyake ya Asante Rewards. Airlink ya ku South Africa imauluka kuchokera ku Johannesburg kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Siili m'gulu lililonse mwa atatu aja, koma ili ndi ndondomeko yake ya Skybucks komanso mapangano ndi makampani ena payekhapayekha.

Mmene mpando umapezekera

Pa tikiti yotere pamakhala makampani awiri: imene ikusunga mamailosi ndi kutulutsa tikiti, ndi imene ili ndi ndege. Mwachitsanzo, munthu wa ShebaMiles wopita ku Germany angakwere Ethiopian Airlines kuchoka ku Blantyre kukafika ku Frankfurt kudzera ku Addis Ababa, kenaka Lufthansa kuchoka ku Frankfurt kupita ku Berlin, zonsezi pa tikiti imodzi yotulutsidwa ndi Ethiopian Airlines. Malamulo a mtengo, a kusintha tsiku ndi a kubweza mamailosi ndi a kampani yotulutsa tikiti. Kampani ya ndegeyo ndi imene imasankha ngati ipereke mpando kapena ayi.

Sikuti mpando uliwonse wopanda munthu ungalipiridwe ndi mamailosi. Kampani iliyonse imapatula mipando yochepa pa ndege, nthawi zina iwiri kapena inayi, nthawi zina palibe ngakhale umodzi, ndipo imeneyi ndiyo imaoneka kwa makampani anzake. Mu Star Alliance mipandoyi ili ndi zilembo zofanana: X ya kalasi wamba, I ya kalasi ya bizinesi, O ya kalasi yoyamba. Ndege ingakhale ndi mipando 80 yogulitsa koma X n'kukhala palibe. N'chifukwa chake munthu amatha kuona tikiti ya ndalama ilipo tsiku limene akufuna, koma ya mamailosi ayi.

Makampani ambiri amatsegula kalendala yawo kutatsala miyezi pafupifupi 11 kuti tsiku la ulendo lifike. Mipando ya mamailosi imapezeka mosavuta pa nthawi imeneyo, kapena kutatsala masiku ochepa pamene kampani yaona kuti ndege sidzaza. Nyengo ya Khirisimasi, pomwe Amalawi ambiri okhala ku Johannesburg ndi ku Britain amabwera kumudzi, komanso miyezi ya August ndi September pomwe ophunzira amapita kukayamba sukulu kunja, ndi nthawi zovuta kwambiri kupeza mpando wotere. Pa ulendo wa ndege ziwiri kapena zitatu, mpando uyenera kupezeka pa iliyonse. Popeza ndege zochoka ku Malawi kupita ku Addis Ababa kapena ku Nairobi ndi zochepa patsiku, mbali yoyambayi ikasowa mpando ulendo wonse umaima, ngakhale mipando ya kutsogolo ikhalepo yambiri.

Nthawi zina tsamba la pa intaneti limaonetsa mpando wa kampani ina umene watengedwa kale, ndipo zimadziwika pomaliza kulipira kuti kulibe. Chotsimikizira kuti ulendo walembedwadi ndi nambala ya tikiti ya manambala 13. Ya Ethiopian Airlines imayamba ndi 071. Nambala yosungitsira malo ya zilembo zisanu ndi chimodzi payokha siikwanira, ndipo kawirikawiri imakhalapo iwiri, imodzi ya kampani iliyonse.

Kawirikawiri mamailosi sasamutsidwa kuchoka m'ndondomeko ya kampani ina kupita kwa inzake, ngakhale zili m'gulu limodzi. Munthu amene ali ndi ochepa mu ShebaMiles, ena mu Voyager ya South African Airways ndi enanso mu Flying Blue sangawaphatikize. Kwa munthu woyenda kawiri kapena katatu pachaka, kuwamwaza chonchi n'chimodzimodzi kuwataya.

Zomwe zimalipiridwabe ndi ndalama

Tikiti ya mamailosi si yaulere. Misonkho ya maboma ndi ndalama za mabwalo a ndege zimalipiridwa ndithu, ndipo makampani ena amawonjezera ndalama yawoyawo yomwe pa tikiti imalembedwa kuti YQ kapena YR. Pa maulendo aatali ndalama yowonjezerayi ingakhale yaikulu moti phindu la mamailosi limachepa kwambiri. Ulendo womwewo, ndege yomweyo, ungakhale ndi mtengo wosiyana malinga ndi ndondomeko imene yatulutsa tikiti, chifukwa zina zimalipiritsa YQ pomwe zina, monga MileagePlus ya United Airlines, sizilipiritsa.

Ku Malawi nkhaniyi imakhudzana ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Mitengo ya matikiti opita kunja imawerengedwa m'madola a ku America. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa tikiti m'makwacha unakwera nthawi yomweyo. Mamailosi sanakhudzidwe ndi kugwa kwa kwacha, motero kwa wolandira malipiro m'makwacha anakhala amtengo wapatali kuposa kale. Komabe misonkho ija imafuna khadi la kubanki lololedwa kulipira kunja, ndipo m'nyengo za kusowa kwa madola mabanki amachepetsa ndalama zimene khadi lingalipire pa intaneti. Ena amalipira ku ofesi ya kampani ya ndege, ena amapempha wachibale wa kunja kuwalipirira.

Mamailosi alinso ndi ngozi zawo. Kampani ingakweze chiwerengero chofunika pa ulendo nthawi iliyonse. Ena amatha ntchito pakapita nthawi: a Miles & More ya Lufthansa amatha pakatha miyezi 36 kwa membala wamba, pomwe a United Airlines sakuthanso kuyambira mu 2019. Ndiponso amadalira moyo wa kampaniyo. South African Airways italowa m'mavuto a zachuma mu December 2019, inasiya maulendo ake anthawi zonse mu 2020 n'kudzayambiranso mu September 2021, ndipo m'nyengo imeneyo mamembala a Voyager anavutika kugwiritsa ntchito mamailosi awo. Kampaniyi inabwerera ku Malawi, koma kumapeto kwa 2023 inaimitsanso maulendo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Kwa anthu a ku Zomba

Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko mpaka mu 1975, koma ulibe ndege zonyamula anthu za nthawi zonse. Bwalo laling'ono lomwe lilipo limagwiritsidwa ntchito ndi asilikali. Wokhala ku Zomba amakwerera ndege ku Chileka, ndipo kuti akafike kumeneko amayenda pafupifupi makilomita 65 pa msewu wa M3 kudzera ku Thondwe ndi ku Namadzi mpaka ku Limbe ndi Blantyre, kenaka makilomita ena pafupifupi 16 kupita ku bwalo. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mtunda woposa makilomita 300 kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza. Ngati mpando wa mamailosi wapezeka ku Lilongwe kokha, ndalama ya basi kapena ya mafuta, mwinanso ya malo ogona, iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi misonkho pofuna kudziwa ngati tikitiyo yapulumutsadi ndalama.

Mzindawu uli ndi anthu ambiri oyenda kunja pa ntchito poyerekeza ndi kukula kwake: aphunzitsi ndi ofufuza a ku University of Malawi, yomwe kale inali Chancellor College, ogwira ntchito ku National Statistical Office, ku MANEB ndi ku National Archives, komanso a mabungwe omwe si aboma. Matikiti awo nthawi zambiri amalipiridwa ndi olemba ntchito kapena oitanitsa msonkhano. Malinga ndi malamulo a makampani a ndege, mamailosi amapita kwa munthu amene wakwera, osati amene walipira, ngakhale mabungwe ena ali ndi malamulo awo pa kagwiritsidwe ntchito kake. Nambala ya umembala iyenera kulembedwa pa tikiti, ndipo dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa pasipoti. Izi zimavuta kwa amene anasintha dzina pokwatiwa kapena amene mayina awo amalembedwa mosiyana pa zikalata. Nambala ikaiwalika, mamailosi angapemphedwe pambuyo pa ulendo m'nthawi yoikika, ndipo pamafunika tikiti ndi kapepala kokwerera ndege.

M'ndondomeko zina, kuchuluka kwa mamailosi opezeka kumadalira mtunda ndi mtundu wa tikiti. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Addis Ababa ndi mamailosi pafupifupi 1,600, ndipo kuchoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg ndi pafupifupi 840. Matikiti otchipa kwambiri amapereka gawo chabe la mtundawo, ndipo ena sapereka kanthu. Choncho pamafunika maulendo aatali angapo kuti papezeke tikiti imodzi. Ndondomeko zambiri zimalola membala kutulutsira tikiti munthu wina, ndiye n'zotheka kuti mamailosi a maulendo a ku misonkhano alipire tikiti ya mwana wopita kusukulu ku South Africa kapena ya wodwala wopita kuchipatala ku India. Kugulitsa mamailosi kwa munthu wina n'koletsedwa, ndipo kampani ikadziwa ingafafanize tikiti ndi kutseka akaunti.

Alendo odzaona phiri la Zomba amakumana ndi malire omwewa kuchokera mbali inayo. Mamailosi awo amathera pa Chileka, ndipo ulendo wokwera phiri kukafika ku hotela ya Sunbird Ku Chawe, ku damu la Mulunguzi kapena ku dzenje la Chingwe ndi wa pagalimoto. Malo amodzi oonera patali paphiripo, Emperor's View, anatchedwa choncho pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, yomwe inafika kumeneko mu 1965. Mu ulamuliro wa mfumu yomweyi ndi mmene Ethiopian Airlines inakhazikitsidwa mu 1945, ndipo ulendo wake woyamba wopita kunja unali wa ku Cairo mu April 1946.